Pamthunzi Kapena m'Holo: Kusankha Malo a Msonkhano ku Chama

Pamene anthu a m'boma la Chama afuna kucita msonkhano, ukwati kapena maphunziro a zaulimi, funso loyamba limakhala la malo. Ena amati pansi pa mtengo wa mango kapena pabwalo la mfumu ndi pokwanira, popeza salipira kanthu. Ena amati ndi bwino kulipira holo ya pa Boma.

Funsoli linakula mu 2022, pamene Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo. Pa nthawiyo Chama inali ndi madera awiri, Chama North ndi Chama South. Makalabu a amai ndi a acinyamata ofuna thandizoli ayenera kukumana ndi kugwirizana asanalembe pempho lao.

Malo aulere ali ndi ulemu wake. Mwambo wa Kwenje wa Asenga a Mfumu Yaikulu Kambombo umacitikira pabwalo, mvula isanayambe. Kwa Mfumu Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, nkhani za mudzi zimakambidwa poyera. Pabwalo aliyense amafika, nkhalamba ndi mai wobereka mwana, osacita manyazi ndi zobvala zao. Ndalama imene ikanapita ku lendi imagula mbeu ya mpunga.

Komabe caulere naco cili ndi mtengo wake. Mu Okutobala cigwa ca Luangwa cimatentha koopsa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula ikhoza kubalalitsa anthu nkhani ili pakati. Pabwalo palibe mipando kapena cimbudzi. Mpando wobwereka ukathyoka, kalabu ndiyo ilipira. Ndiponso nkhani za ngongole za mamembala sizikambidwa bwino pamene odutsa m'njira akumvetsera.

Holo yolipira ili ndi denga, mipando ndi citseko. Bvuto lake ndi mtunda. Wocokera kutali afunika ndalama ya ulendo, cakudya, mwinanso pogona. M'dzinja mitsinje ikadzaza, njira zina zimaduka. Okhala m'dera la nyama la Musalangu amafuna kufika kwao dzuwa lisanalowe cifukwa ca njobvu. Motero msonkhano wa pa Boma umakhala wa owerengeka okhala ndi njinga, ndipo zimene iwo agwirizana, otsala kumudzi akhoza kuzikana.

Pakati pa ziwirizi pali kalasi ya sukulu pa Loweruka kapena pa nthawi ya chuti, ndi nyumba ya mapemphero pakati pa sabata. Cofunika ndi kupempha aphunzitsi aakulu kapena akulu a mpingo nthawi ikalipo, kudziwitsa nyakwawa, ndi kusiya malowo ali osesa.

Komiti yanzeru imayamba yawerenga zinthu zinai: mwezi umene msonkhano udzacitike, kuculuka kwa anthu, mtunda umene ambiri adzayende, ndi mtundu wa nkhani. Nkhani ya mudzi wonse m'cilimwe iyenera bwalo. Kuwerenga mabuku a ndalama m'dzinja kuyenera denga. Ngati lendi yalipidwa, msungicuma atenge lisiti ndi kuliwerenga pamaso pa onse, pakuti ndalama ya kalabu ndi thukuta la mamembala ake.