Kudzutsa Chidwi cha Ana pa Sayansi Kudzera m'Ntchito za Manja

Mawu oyamba

Ophunzira ambiri m'Malawi muno amafika ku sekondale ali ndi mantha kale pa phunziro la sayansi. Iwo amaliona ngati mulu wa mawu achilendo ofunika kuloweza kuti akhoze mayeso. Chodabwitsa n'chakuti ana omwewa akaweruka kusukulu amapanga magalimoto a mawaya, malegeni ndi mipira yachikulunga popanda wowakakamiza. Nkhani ino ikufotokoza kuti chidwi cha mwana pa sayansi chimabadwa pamene wagwira chinthu, kuchiyesa ndi kuona zotsatira zake. Mawu ofotokozera amamveka bwino akabwera pambuyo pake.

Sayansi ya pabwalo

Mwana amene akupanga galimoto ya mawaya amakumana ndi mafunso enieni a sayansi. Amazindikira kuti mawilo akasiyana kukula, galimoto imakhotera mbali imodzi. Amaonanso kuti waya wodutsa pakati pa mawilo ukathina kwambiri, mawilowo sazungulira. Chiwongolero chikakana kukhota, amamasula n'kumanganso mpaka zitheke. Kuyesa, kulephera ndi kukonzanso kotereku ndiyo njira yomwe akatswiri a sayansi amatsata. Choncho mphunzitsi wanzeru amayambira pa zimene mwana akudziwa kale, pakuti akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Chitsanzo cha William Kamkwamba

William Kamkwamba anabadwa m'chaka cha 1987 ndipo anakulira m'dera la Wimbe m'boma la Kasungu. Ali wamng'ono ankakonda kumasula mawailesi akale kuti aone m'kati mwake. Ankadabwanso ndi dayinamo ya njinga, pofuna kudziwa chimene chimayatsa nyale munthu akamapalasa. Njala ya 2001 ndi 2002 inachititsa kuti makolo ake alephere kumulipirira fizi ya ku sekondale, motero anayamba kupita ku laibulale yaing'ono ya m'deralo. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy lomwe linali ndi chithunzi cha makina ozunguliridwa ndi mphepo.

Chingerezi cha m'mabuku a sayansi chinkamuvuta, koma zithunzi zinamuthandiza chifukwa manja ake anali atazolowera kale mawaya ndi mabatire. Mu 2002 anamanga makina ake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, mapaipi a pulasitiki, chokupizira mphepo cha thirakitala, mafupa a njinga ndi dayinamo. Mphepo inkazunguza mapiko, mapiko n'kuzunguza wilo la njinga, wilo n'kuzunguza dayinamo. M'kati mwa dayinamo muli maginito amene akamazungulira pafupi ndi waya wa kopa wokulungidwa, magetsi amayamba kuyenda m'wayamo. Makinawa atawakonza bwino ankayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri. Mu 2007 anakafotokoza za ntchitoyi pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America.

Kwa ife ophunzira ziyankhulo, mfundo yochititsa chidwi ndi dzina limene iye anapatsa makinawa. Posowa liwu la Chichewa lofanana ndi la m'buku, ankawatcha "magetsi a mphepo". Dzinali linachokera pa ntchito ya chinthucho, ndipo aliyense m'mudzi akanatha kulimva. Izi zikusonyeza kuti munthu akamvetsa mmene chinthu chimagwirira ntchito, chiyankhulo chake sichisowa njira yochitchulira.

Zimene zingatheke m'kalasi

Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kwambiri ndipo zipangizo zinachepa. Pofuna kuthana ndi vutoli, bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi linalimbikitsa njira ya TALULAR, yomwe tanthauzo lake ndi kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lomwelo.

Mwachitsanzo, pophunzitsa za magetsi mphunzitsi angagawe ana m'magulu n'kupatsa gulu lililonse mabatire awiri, babu ya tochi ndi tizidutswa ta waya. Ana alumikize okha mpaka babu iyake. Kenaka adule njira ya waya n'kuikapo zinthu zosiyanasiyana monga msomali, supuni, kamtengo, pulasitiki ndi khala la pensulo. Asanayese chinthu chilichonse, anene kaye zimene akuganiza kuti zichitika. Ambiri amayembekeza kuti khala la pensulo silingadutse magetsi popeza si chitsulo, koma likakhala lalifupi babu imayaka pang'ono. Kudabwa kumeneku ndiko kumabala funso lakuti "chifukwa chiyani?", ndipo mwana amene wafunsa yekha saiwala yankho.

Pa nthawi imeneyi ndi bwino kulola ana kufotokoza zimene aona m'chiyankhulo chawo, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Akatero, mphunzitsi awauze mawu a Chingerezi amene adzakumane nawo pa mayeso. Atsikana nawonso apatsidwe mpata wogwira zipangizo, chifukwa kawirikawiri m'magulu otere anyamata amalanda mawaya pamene atsikana amangopatsidwa ntchito yolemba.

Mawu omaliza

Njira imeneyi ili ndi zovuta zake. Imadya nthawi, ndipo kalasi ya ana ochuluka imasokosa magulu akayamba kugwira ntchito. Komabe phindu lake ndi lalikulu kuposa zovutazo. Makolo asathamangire kukalipira mwana amene wamasula tochi yakufa, ndipo aphunzitsi asadikire nyumba yoyesera za sayansi kuti ayambe. Mabatire, zitini ndi mawaya zimene zili m'midzi mwathu n'zokwanira kuyambira.