PHUKUSI LIMENE LINABWEZEDWA KUCOKERA KU LUSAKA

M'caka ca 1990 phukusi laling'ono linafika pa positi ofesi mu Lusaka kucokera ku South Africa. Linali la Dirk Coetzee, mzungu amene kale anali mkulu wa kagulu ka apolisi acinsinsi pa famu ya Vlakplaas, pafupi ndi Pretoria. Mu November 1989 munthuyu anaulula ku nyuzipepala ya Vrye Weekblad kuti nchito ya kaguluko inali kupha adani a boma la tsankho, ndipo atathawa kwao anadzabisala kuno m'manja mwa cipani ca ANC. Coetzee anakana kulandira phukusilo. Motero a positi analibweza kwa munthu amene dzina lake linalembedwapo monga wotumiza, ndiye Bheki Mlangeni, loya wacinyamata wa ku Soweto, amene sanatumize kanthu.

M'katimo munali kawailesi koimbira matepi kochedwa Walkman, kaja kamene munthu amamvera yekha ndi tomverera tovala m'makutu. Pa 15 February 1991 Mlangeni anavala tomvererato, nakanikiza batani. Bomba linali lobisidwa m'menemo, ndipo anafera pomwepo. Kunadzamveka pambuyo pake kuti amisiri a polisi anayamba aliyesa pa mutu wa nkhumba, kuti aone ngati lidzapha.

Awerengi athu acikulire akumbukira kuti msampha wotere sunali wacilendo mu Lusaka. John Dube wa ANC anafa ndi bomba la m'phukusi mu 1974, ndipo Jason Moyo wa ZAPU anafa imfa yomweyo mu January 1977.

Kodi anthu ocita zotere aweruzidwe motani? Palibe boma lopanda akazitape, monganso palibe mlimi wanzeru amene amasiya munda wopanda mlonda pamene cimanga cakhwima. Iwo amene amaikira kumbuyo azondi a boma amati nchito yao ndi ya mumdima, kuti inali nthawi ya nkhondo, ndiponso kuti munthu wolamulidwa sakana. Amati tiwaweruze mofatsa pakuti ife amene tinagona tulo sitidziwa zimene iwo anaona usiku. Mau awa ali ndi polemera pake. Mlonda akhoza kulasa mbuzi ya mnansi poyesa kuti ndi nguluwe, ndipo bwalo lidzamumvera cifundo. Koma mlonda amene akhala pansi masana, nasula mubvi, nauyesa, nalembapo dzina la munthu wosacimwa, sanaphonye ai. Wacita dala. Opanga bombalo anadziwa kuti phukusi likasowa mwini limabwerera kwa wotumiza, ndipo anadziwa kuti lidzadutsa m'manja mwa anchito a positi a maiko awiri. Sanasamale kuti adzalitsegula ndani.

Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, dziko la South Africa linayesa njira ziwiri. Yoyamba inali khoti. Eugene de Kock, amene analamulira Vlakplaas kuyambira 1985 ndipo kagulu kake ndiko kanatumiza phukusi lija, anapezeka wolakwa pa milandu 89 mu 1996. Anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse kawiri, kuonjezapo zaka 212. Yaciwiri inali bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lotsogozedwa ndi Akibishopu Desmond Tutu, limene linapatsidwa mphamvu yokhululukira munthu woulula zonse, ngati anacita zoipazo pa zifukwa za ndale. Anthu oposa 7,000 anapempha cikhululukiro, ndipo 849 anacilandira. Mmodzi wa iwo anali kazitape Craig Williamson, amene mu 2000 anakhululukidwa pa imfa ya Ruth First ku Maputo mu 1982, ndi ya Jeanette Schoon pamodzi ndi mwana wake Katryn wa zaka 6 ku Angola mu 1984. Onsewa anafa ndi mabomba otumizidwa pa positi. Kwa ife ncobvuta kuona ndale zimene mwana wa zaka 6 analakwira, ndipo abale a anthuwa anatsutsa cikhululukiroco kolimba.

Komabe sitinganene kuti bungwelo linapita pacabe. Cifukwa ca kuulula kwa anthu onga De Kock, mabanja ena anadziwa kumene ana ao anakwiriridwa, nakafukula mafupa, nawaika mwaulemu kwao. Yense amene anakhalapo pa maliro opanda mtembo adziwa kulemera kwake kwa cinthu cimeneci.

Pamene ciweruzo cinacepa mpamwamba. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma kuno mitu inalewa. De Kock ananena poyera kuti malamulo anali kucokera kwa akazembe a polisi ndi kwa atsogoleri a boma, ndipo ndalama, mfuti ndi mendulo zake sanazitole pa njira. P.W. Botha, amene anali mtsogoleri wa dzikolo kufikira 1989, anakana kukaonekera pamaso pa bungwe la Tutu. Khoti linamulipitsa faindi mu 1998, koma anapambana apilo caka cotsatira, namwalira panyumba pake mu 2006. F.W. de Klerk anapepesa cifukwa ca tsankho, koma anakana kuti analamula kapena kudziwa za kuphedwa kwa anthuwa, ndipo anamwalira mu 2021 osazengedwa mlandu. Adriaan Vlok, nduna yoona za apolisi, anabvomera kuti anali m'ciwembu cofuna kupha Mbusa Frank Chikane mu 1989 mwa kupaka poizoni m'zobvala zake. Mu 2006 anakasambitsa mapazi a mbusayo popepesa, ndipo mu 2007 khoti linamugamula zaka 10, koma zoimikidwa, kotero kuti sanalowe m'ndende.

De Kock anatulutsidwa pa parolo mu 2015 atakhala m'ndende zaka 20. Ku Jabulani, mu Soweto, kuli cipatala ca boma cimene cinatsegulidwa mu 2014 ndipo cinapatsidwa dzina la Bheki Mlangeni.