Mphindi Zoyamba Ndizo Zimapulumutsa Mmisiri

M'mawa uliwonse ku Lobengula, dera la kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo m'dziko la Zimbabwe, kumamveka phokoso la mafosholo ndi mawilibala. Nyumba zambiri za kuno zinamangidwa zazing'ono, choncho mabanja akakula amawonjezera zipinda kapena kumanga mpanda, kawirikawiri ndi ndalama zotumizidwa ndi abale a ku South Africa. M'madera amenewa mukukhalanso zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito pa njanji ndi m'mafakitale, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963.

Ntchito zomangazi nthawi zambiri sizikhala za makampani akuluakulu. Amagwira ndi mmisiri mmodzi pamodzi ndi aganyu awiri kapena atatu, atagwirizana pakamwa ndi mwini nyumba. Pamalopo pamapezeka simenti, njerwa ndi malata, koma bokosi la chithandizo choyamba silioneka kawirikawiri. Munthu akagwa pansanja kapena akadulidwa ndi lata, anzake amathamanga kukasaka galimoto yopita ku chipatala cha Mpilo. Komatu munthu amene akutaya magazi kwambiri angathe kumwalira m'mphindi zochepa chabe, galimotoyo isanapezeke n'komwe.

Zimene malamulo amanena

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linayerekeza mu 2005 kuti anthu osachepera 60,000 amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamalo omanga. Pangano la bungweli la nambala 167, la chaka cha 1988, limati wolemba ntchito aonetsetse kuti chithandizo choyamba, pamodzi ndi munthu wophunzitsidwa kuchipereka, zilipo nthawi zonse. Ku Zimbabwe, ntchito yomanga imatsogoleredwa ndi lamulo la Factories and Works Act, ndipo bungwe la NSSA ndilo limayang'anira chitetezo cha pantchito ndi chipukutamisozi cha ovulala. Bungweli lili ndi malo othandizira ovulala pantchito mumzinda wa Bulawayo momwemo.

Vuto nlakuti waganyu amene sanalembetsedwe kulikonse amakhala kutali ndi chitetezo chimenechi. Akavulala, ndalama za kuchipatala zimachoka m'thumba la banja lake, ndipo mphika wa pakhomo umazizira mpaka iye atachira.

Zoyenera kuchita pomwepo

Ophunzitsa za chithandizo choyamba amatsindika mfundo zochepa zimene aliyense angathe kuzisunga pamtima.

Munthu akagwa kuchokera pamwamba, asanyamulidwe mothamanga. Mutu ndi khosi zigwiridwe kuti zisagwedezeke, chifukwa kumunyamula molakwika kungawononge msana n'kumupuwalitsa moyo wake wonse.

Ngati magazi akutuluka kwambiri, balalo lipanidwe mwamphamvu ndi bandeji kapena nsalu yoyera, osaleka. Nsalu ikanyowa, ina iwonjezeredwe pamwamba pake. Dothi, phulusa kapena oyilo wa galimoto siziyenera kuikidwa pabala, pakuti zimalowetsa tizilombo, kuphatikizapo toyambitsa kafumbata.

Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono munthu asakumva, makamaka ikalowa m'nsapato. Ikagwera m'maso kapena pakhungu, patsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Apa mpamene anthu a ku Bulawayo ayenera kuchenjera kwambiri: mzindawu wakhala ukugawa madzi mosinthanitsa kwa zaka zambiri, ndipo mipopi imatha kuuma masiku angapo. Choncho chigubu cha madzi oyera chikhale padera, chosakhudzidwa ndi osakaniza simenti.

Wogwidwa ndi magetsi asakhudzidwe ndi manja mpaka magetsiwo atazimitsidwa. Ngati wakomoka ndipo sakupuma, wina aitane ambulansi pamene mnzake akupsinya pakati pa chifuwa maulendo 30, n'kumupumira m'kamwa kawiri, mobwerezabwereza. Luso limeneli limafuna kuyeserera pamaso pa mphunzitsi, kungowerenga sikokwanira.

Maphunziro ali pafupi

Mabungwe a Zimbabwe Red Cross Society ndi St John Ambulance amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo maphunziro oyambirira amatenga masiku ochepa chabe. Mmisiri mmodzi payekha angaone mtengo wake kukhala wolemera, koma mutu umodzi susenza denga. Amisiri a dera limodzi angathe kusonkherana ndalama n'kutumiza mmodzi pa gulu lililonse, ndipo alangizi a m'madera angathandize powasonkhanitsa pa tchalitchi kapena pa holo ndi kupempha kuti maphunziro achitike m'Chindebele, chinenero chimene ambiri amalankhula kuntchito. Tsiku la 28 Epulo, lokumbukira chitetezo cha pantchito, ndi Loweruka lachiwiri la Seputembala, lomwe ndi tsiku la chithandizo choyamba padziko lonse, ndi nthawi zabwino zoyambira.

Mwini nyumba nayenso ali ndi mbali yake. Polemba mndandanda wa zogula, awonjezerepo mabandeji, magolovesi, sizasi, sopo ndi chigubu cha madzi, ndipo nambala ya ambulansi ilembedwe pakhoma poonekera. Asanagwirizane za mtengo, afunse mmisiriyo kuti pagulu lake wophunzira chithandizo choyamba ndani. Zomwezi zikukhudzanso alimi amene akumanga nkhokwe, makola kapena kukumba zitsime kumudzi, kumene chipatala chili kutali kuposa mmene Mpilo alili kwa anthu a ku Lobengula.