Galimoto Yakale Ikaleka Kuziziritsa

Mwezi wa October ukafika, dzuwa liswa mtengo, ndipo mwini galimoto ali yense akumbukira makina aja oziziritsa amene amakanika awacha aircon. Ambiri a inu muyenda pa galimoto zimene zinayamba zagwira nchito zaka zambiri ku Japan zisanafike kuno. Tsono tsiku lina mutsegula makinawo, ndipo m'malo mwa kamphepo kozizira mulandira mpweya wonga wa m'khichini. Madzulo ano tione pamodzi kumene bvuto lotere licokera, kuti ndalama zimene munakhetsera thukuta zisathere pa mankhwala a nthenda ina.

Poyamba tidziwe mayendedwe ace. Mudziwa kuti thukuta likamauma pakhungu thupi limva kuzizira, ndi kuti madzi a mumtsuko wadothi azizira cifukwa ena atulukira kunja kwa mtsuko nauma. Madzi ali onse posanduka nthunzi atenga kutentha kwa pamalo pamene ali. Makina athuwa atsata nzeru yomweyo, koma m'malo mwa madzi muli gasi. Gasi wochedwa R-134a awira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, ndiko kunena kuti ngakhale pamwamba pa madzi oundana iye awira ndithu. Kompresa, imene izunguzidwa ndi lamba wa injini, ipanikiza gasiyo mpaka atenthe. Iye apita ku kondensa, cija conga redieta yaing'ono ciri patsogolo pa redieta yeniyeni, kumene mphepo imlanda kutenthako, nasanduka madzi. Adzera m'kabotolo kochedwa drier, kamene kamwa cinyezi, napyola pa kakhomo kopapatiza, nafika mu evaporeta yobisika kuseri kwa dashboard. M'menemo ndimo awira, natenga kutentha kwa mpweya umene fani ikankhira kwa inu. Atatero abwerera ku kompresa.

Mwamva kuti abwerera. Mau amenewa muwasunge, pakuti gasi sapsa monga petulo, angozungulira. Angacepe pang'ono pakapita zaka, koma akatha m'miyezi yowerengeka, pali ciboo pena pace. Makanika amene akuthirirani gasi caka ndi caka osafuna ciboocho, ine ndiyesa akudyerani, monga munthu wokutumani kukatunga madzi ndi dengu.

Yambani ndi zimene sizifuna ndalama. Imikani galimoto, injini iri kulira, tsegulani boneti, ndipo mnzanu atsegule makinawo pamene inu muyang'ana kompresa. Muyenera kumva kuti "kha", ndi kuona cimbale ca kutsogolo kwace ciyamba kuzungulira pamodzi ndi gudumu la lamba. Cikapanda kuzungulira, onani fyuzi ndi relay, ndi waya wopita ku kompresayo. Onaninso lamba ngati salira kapena kuterereka. Zonsezi zikakhala bwino, kawirikawiri gasi wacepa, ndipo kaswichi kolonda mphamvu ya gasi kakaniza kompresa kuyenda. Pano ndikucenjezeni. Alipo ocenjera ena amene alumphitsa kaswichi kameneka ndi kawaya kuti kompresa iyende mokakamiza, ndipo mwini galimoto acoka akusekera. Koma mafuta ofewetsa kompresa ayenda pamodzi ndi gasi. Gasi akasowa, mafuta sabwerera, kompresa idzidya yokha m'kati, nimwaza tizitsulo m'mapaipi onse. Pamenepo mudzagula kompresa, drier, kakhomo kaja, kapena ndi kondensa yomwe, pamene bvuto loyamba linali kamphira ka mtengo wocepa.

Ngati mphepo siituluka konse, mlandu uli pa fani ya m'kati kapena fyuzi yace. Ikatuluka pokha-pokha mutaika pa liwiro lotsiriza, kacipangizo kocepetsa liwiro la fani kapsa. Ikatuluka yofooka, yang'anani kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa kumanzere, kumene galimoto zambiri ziri ndi sefa. Fumbi la mwamvu litseka sefa imeneyi msanga.

Ena adandaula kuti pa mseu wa ku Ndola makina azizira bwino, koma akaima pa maroboti kapena pamsika ayamba kutentha. Apa musafulumire kugula gasi. Galimoto ikamathamanga, mphepo idzipyolera yokha mu kondensa. Ikaima, nchito yonse itsalira fani ya magetsi ya kutsogolo. Inu a pansi pa mgodi mudziwa cimene cicitika mafani akulu akaima. Onani ngati faniyo izungulira makina atatsegulidwa. Onaninso nkhope ya kondensa: matope, njere za udzu, ndi inswa za mvula yoyamba zimata timipata tace. Tsukani ndi madzi oyenda pang'ono-pang'ono, osakolokosa ndi waya, cifukwa timapepe tace tipindika msanga. Ndipo singano yosonyeza kutentha kwa injini ikakwera, tsekani makinawo pomwepo. Kuli bwino kucita thukuta kusiyana ndi kuocha injini.

Dzanja lanu nalonso lingakuuzeni zambiri. Pa kompresa pali mapaipi awiri. Makina atayenda mphindi zingapo, paipi yaikulu iyenera kuzizira ndi kucita mame, yaing'ono itenthe. Gwirani mosamala, kutali ndi lamba ndi fani, malaya atapisiridwa. Zonse ziwiri zikafanana, gasi watha kapena kompresa yatopa. Kufuna ciboo ndi nchito ya maso. Pamene gasi atulukira, mafuta atulukira pomwepo, ndipo fumbi limamatira. Cifukwa cace funani banga lakuda lamafuta polumikizira mapaipi, pa kondensa pamene mwala unagunda, ndi kuseri kwa cimbale ca kompresa. Pakani thovu la sopo pamene mukayika, ndipo muone ngati litukumuka. Makanika wa zida athira utoto umene uoneka ndi nyali yace. Evaporeta ikabooka ndiye tsoka, pakuti kuifikira afunika kumasula dashboard yonse.

Iripo nthenda ina yosokoneza mutu: makina azizira theka la ora, naleka, ndipo mutawapumitsa ayambanso. Kawirikawiri ici ndi cinyezi cimene cinalowa m'mapaipi, cimene ciundana pa kakhomo kaja ndi kutseka njira, kenaka cisungunuka. Nthawi zina ndi evaporeta imene yakutidwa ndi madzi oundana. Makina akatsegulidwa mapaipi, makanika woona aika drier yatsopano, nakoka mpweya ndi cinyezi conse ndi pampu kwa theka la ora kapena kuposa, naona ngati geji ikhala ciimire, ndipo pambuyo pace athira gasi pa sikelo, monga mwa kulemera kolembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti. Galimoto zazing'ono zambiri zilandira ngati theka la kilo. Kupyoza muyeso sikuonjeza kuzizira ai, kungolemetsa kompresa.

Kapepala komweko kanena mtundu wa gasi. Galimoto zambiri zopangidwa cisanafike caka ca 1994 zinali ndi R-12, wodziwika ndi dzina la Freon. M'caka ca 1987 maiko anapangana ku Montreal kuti aleke gasi wa mtundu umenewu, cifukwa aononga mpweya wa ozone umene utichinjiriza ku ukali wa dzuwa. R-134a ndiye analowa m'malo mwace, ndipo galimoto zambiri zatsopano ziri ndi wina wochedwa R-1234yf. Musasanganize magasi awa, pakuti mafuta a R-12 sayenda ndi R-134a. Galimoto yakale ingasinthidwe, koma asinthenso mafuta, drier ndi timphira. Cenjerani ndi tizitini totsika mtengo tosadziwika kocokera, cifukwa tina tiri ndi gasi wonga wophikira, amene ayaka moto. Musamasule paipi muli gasi: akakuthovokerani m'diso aliumitsa pomwepo, ndipo akakomana ndi lawi la moto asanduka utsi wa ululu.

Madzi odontha pansi pa galimoto makina ali kuyenda asakuopseni. Ndi mame a pa evaporeta, ndipo ayenera kutuluka. Koma akadonthera pa mapazi a amai amene akhala kumanzere kwanu, kapena mukamva fungo la nguwi, kapaipi kotayira mamewo katsekeka; kapezeni kunsi kwa galimoto ndi kukatsegula. Ndipo m'miyezi ya cisanu, June ndi July, musawaiwale makinawo. Ayendetseni mphindi khumi sabata iri yonse, kuti mafuta afike pa timphira tisaume ndi kung'ambika. M'mawa mwa nkhungu adzakupukutirani galasi la kutsogolo pamene mupita ku shifiti.