Mphunzitsi woopa asidi adzawaphunzitsa chiyani ana athu?

Abale anzanga, lero ndikufuna tikambirane za anyamata ndi atsikana amene akusulidwa ku Domasi, ku Nalikule ndi ku yunivesite ku Zomba kuti mawa adzaphunzitse sayansi m'sekondale zathu. Funso langa n'limodzi: akadzafika pa mutu wa ma asidi ndi ma base, adzaphunzitsa molimba mtima kapena adzangolembetsa manotsi belu n'kulira?

Nkhaniyi yakula chifukwa Physical Science uja anagawidwa pawiri, Chemistry n'kuima payekha. Mphunzitsi amene ankathawira ku Physics alibenso pobisala.

Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, koma ndinakhalako mokwanira kuona anthu akuloweza kuti pH imayambira 0 kukafika 14, pakati pake 7. Ukawafunsa tanthauzo, zii! Muyeso umenewu anauyambitsa ndi Søren Sørensen wa ku Denmark mu 1909, ndipo nambala iliyonse ikusiyana ndi inzake kakhumi: madzi a pH 3 ukali wake ndi wowirikiza kakhumi kuposa a pH 4.

Pena pamene ambiri amapunthwa ndi apa. Asidi wamphamvu si asidi wochuluka ayi. Hydrochloric, amene alinso m'mimba mwathumu, ndi wamphamvu ngakhale mumusungunule ndi ndowa ya madzi, pakuti amamasula ma hydrogen ion ake onse. Asidi wa mu viniga ndi wofooka ngakhale achuluke, chifukwa amangomasula ochepa. Mphunzitsi akasokoneza ziwirizi, kalasi lonse lasokonekera.

Tisanamizane, kulimba mtima pakokha n'kosakwanira. Wolimba mtima wosadziwa ndi woopsa kuposa wamantha. Ameneyo ndiye angathire madzi mu asidi wa sulphuric, mmalo mothira asidiyo m'madzi pang'onopang'ono, kutentha n'kuthovukira ana kumaso.

Ena ati, nanga titani poti ma CDSS ambiri alibe labotale? N'zoona. Koma kodi kukhitchini kwa mayi si labotale? Mandimu, bwemba ndi chambiko ndi ma asidi. Soda ndi chidulo chothira m'therere ndi ma base. Wiritsani chidede, madzi ake ofiirawo mudonthezeremo chidulo, muona asanduka obiriwira. Mwana amene waona izi ndi maso ake sadzaiwala. Koma mphunzitsi angayese bwanji pamaso pa ana zomwe iye sanazigwirepo?

Izi si za mayeso a MSCE okha. Feteleza wa ammonium sulphate amawonjezera asidi m'nthaka, ndipo mankhwala ake ndi laimu. Wodwala chilungulira amamwa mankhwala a base kuti aziziritse asidi wa m'mimba. Mlimi ndi namwino wa mawa akuyambira pa mutu womwewu.

Pulogalamu ya SMASSE, mothandizidwa ndi a JICA a ku Japan, inayesetsa kusula aphunzitsi a masamu ndi sayansi amene ali kale pantchito. Tikuthokoza. Koma m'mera mpoyamba. Inu akuluakulu a m'makoleji, wophunzira aliyense asanapite ku teaching practice agwire yekha botolo la asidi, achite titration ndi manja ake, kenaka afotokozere anzake m'mawu osavuta. Akalephera, abwerezenso. Kuli bwino manja anjenjemere ku koleji kusiyana n'kukanjenjemera pamaso pa ana a Fomu 3.