Tinyumba Togonamo Alendo m'Nkhalango za Boma ku America

Madzulo ano tikamba za mwambo wina wa anthu a ku United States of America, mwambo wotuluka m'tauni ndi banja lonse kukagona masiku angapo m'nkhalango. Ena a inu mudabwa, ndipo mufunsa kuti, "Kodi munthu wokhala ndi nyumba ya magetsi ndi madzi a pampopi afuna chiyani kuthengo?" Funso limeneli nlabwino. Koma taganizani za munthu amene watha chaka chathunthu m'fakitale kapena mu ofesi, wosaona phiri ngakhale mtsinje. Munthu wotere kuthengo ndiko kumene mtima wake upumula. Tsono ntchito ya Boma ndiyo kuona kuti mpumulo umenewu usakhale wa anthu achuma okha.

Poyamba tifotokoze za malowo. Dziko la America nlogawidwa m'zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake ndi bwanamkubwa wake. Boma lalikulu la ku Washington lisunga nkhalango zazikulu zotchuka, monga Yellowstone imene idakhazikitsidwa mu 1872. Koma zambiri mwa izo zili kutali ndithu, kotero kuti munthu wamba sangafikeko kawirikawiri. Chifukwa chake maboma a zigawo asunganso malo awoawo, ocheperapo, pafupi ndi kumene kukhala anthu. Amenewa ndiwo mapaki a zigawo. Paki ya pa mathithi a Niagara, m'chigawo cha New York, idatsegulidwa mu 1885, ndipo ndi imodzi mwa zakale koposa. Mu 1921 kudachitika msonkhano ku Des Moines, m'chigawo cha Iowa, wolimbikitsa zigawo zonse kuti zikhale ndi mapaki otere.

Komabe mapaki ambiri, pamodzi ndi tinyumba togonamo alendo, adamangidwa pa nthawi ya mavuto. Mu 1929 chuma cha America chidagwa. Mabanki ndi mafakitale ambiri adatsekedwa, ndipo pofika 1933 pafupifupi munthu mmodzi mwa antchito anayi alionse adali pa ulova. M'chaka chomwecho Pulezidenti Franklin D. Roosevelt adayambitsa gulu lotchedwa Civilian Conservation Corps, mwachidule CCC, lolemba anyamata osakwatira amene adalibe ntchito. Anyamatawo ankakhala m'misasa yoyang'aniridwa ndi asilikali, msasa uliwonse anthu ngati 200. Ankalandira chakudya, zovala ndi madola 30 pa mwezi, koma mwa ndalama zimenezo madola 25 ankatumizidwa kwa makolo kumudzi. Pamene gululi linkatha mu 1942, anyamata pafupifupi 3 miliyoni adali atagwiramo ntchito. Iwo adabzala mitengo, adalambula misewu, adatseka mitsinje kupanga nyanja zazing'ono, namanga tinyumba ta mitengo ndi miyala timene tambiri tikadalipo kufikira lero.

Titenge chitsanzo cha chigawo cha Virginia. Pa 15 Juni 1936 chigawochi chidatsegula mapaki 6 tsiku limodzi: Douthat, Fairy Stone, Hungry Mother, Seashore, Staunton River ndi Westmoreland. Onsewa adakonzedwa ndi anyamata a CCC. Ku Douthat, pakati pa mapiri a Allegheny, adapanga nyanja ya maekala 50 ndi kumanga tinyumba ta mitengo yosanjikiza, tokhala ndi chumuni cha miyala. Lero Virginia ili ndi mapaki oposa 40.

Pali mbali ina ya mbiri imeneyi imene sitiyenera kuilumpha. Masiku amenewo zigawo za kumwera kwa America zidali ndi malamulo a tsankho. Paki ya Seashore, imene lero itchedwa First Landing, idamangidwa ndi anyamata akuda a CCC, koma itatsegulidwa, anthu akuda sankaloledwa kukapumulamo. Mu 1948 Maceo Martin, munthu wakuda wa ku Danville, adabwezedwa pa chipata cha Staunton River, ndipo adakasuma kukhoti. M'malo motsegula zipata kwa onse, boma la Virginia lidapatula paki ina ya anthu akuda okha ku Prince Edward mu 1950. Mu 1955 lidafika potseka Seashore zaka zingapo, pokana kuti akuda ndi azungu asambe pa gombe limodzi. Tsankho lotere lidathetsedwa ndi makhoti ndiponso ndi lamulo la ufulu wa anthu la 1964. Lero zipata zonse nzotsegukira munthu aliyense, ndipo paki ya ku Prince Edward ija idaphatikizidwa ndi inzake nikhala Twin Lakes.

Nanga munthu wopita kumeneko apezako zotani? Malo ogona ali a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndiwo bwalo lokhomapo tenti, lokhala ndi tebulo ndi malo osonkhapo moto. Umenewu ndiwo wotsika mtengo. Mtundu wachiwiri ndiwo kanyumba ka chipinda chimodzi kokhala ndi mabedi okha. Zofunda, mapoto ndi chakudya mlendo abwera nazo yekha, ndipo aphikira panja nasamba ku bafa la onse. Amene adakwerapo phiri la Mulanje ndi kugona m'nyumba za pa Chambe kapena Lichenya adziwa kale moyo wamtunduwu. Mtundu wachitatu ndiwo nyumba yokwanira, ya zipinda, khitchini ndi bafa lake. Munthu alembetsa malo nthawi ikadalipo, pa telefoni kapena pa intaneti, pakuti m'miyezi yotentha ya Juni, Julayi ndi Ogasiti malo adzaza msanga. Ndalama zimene alendo alipira zithandiza kukonza madenga, misewu ndi mipopi.

Usana anthu ayenda m'tinjira ta m'mapiri, ena asambira, ena apalasa bwato, ena awedza nsomba. Wowedza ayenera kukhala ndi chiphaso, ndiponso pali malire a nsomba zimene angatenge pa tsiku. Madzulo banja likhala mozungulira moto, ana nawotcha zakudya zawo ndi kumvera nkhani za akulu.

Tsono mverani malamulo amene oyang'anira mapaki aumirira, ndi zifukwa zake.

Loyamba ndi la moto. Moto usonkhedwe pa malo okhawo amene adakonzedwa, ndipo usasiyidwe wokha. Pochoka, munthu athirepo madzi, avundule phulusa, athirenso madzi kufikira litazizira. Moto wolusa wambiri ku America uyamba ndi anthu, ndipo khala limodzi lotsala likhoza kutentha nkhalango imene idatenga zaka 90 kukula. Ndiponso makala oyaka asalowe m'kanyumba kapena m'tenti, ngakhale kuzizire chotani. Makala atulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, ndipo munthu afa ali m'tulo. Chenjezo limeneli likhudza aliyense wogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, kulikonse kumene ali.

Lachiwiri ndi la nkhuni. Mapaki ambiri apempha kuti mlendo asabwere ndi nkhuni zochokera kutali, koma agule pomwepo. Chifukwa chake nchakuti mu 2002, pafupi ndi Detroit, kudapezeka kachilombo kobiriwira kochokera ku Asia, kamene mphutsi zake zidya m'kati mwa khungwa la mitengo yotchedwa ash. Kapha mitengo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo njira imodzi imene kafalira nayo ndiyo nkhuni zonyamulidwa pa galimoto.

Lachitatu ndi la nyama. M'mapiri a Virginia muli zimbalangondo zakuda, zimene zimva fungo la chakudya zili patali. Chakudya ndi zinyalala zitsekeredwe m'nyumba kapena m'galimoto. Chimbalangondo chozolowera kudya za anthu chileka kuwaopa, ndipo kawirikawiri mapeto ake oyang'anira achipha. Kotero munthu woponyera nyama buledi poyesa chifundo ndiye amene aiphetsa. Palinso nkhupakupa zimene zifalitsa matenda otchedwa Lyme. Woyenda m'udzu adziyang'ane thupi lonse madzulo.

Lachinayi ndi la ulemu. Usiku ukafika phokoso lileke, pakuti anzanu adadzera bata. Maluwa, miyala ndi mitengo zisiyidwe pamene zili, ndipo kanyumba kasesedwe pochoka, kuti wobwera mawa akapeze monga mudakapezera inu.

Malamulo amenewa ndiwo achititsa kuti tinyumba tomangidwa ndi anyamata osauka cha m'ma 1930 tikhale tikadagonetsa alendo, ndipo zidzukulu za anthu amene ankabwezedwa pa chipata zigonamo pamodzi ndi anzawo. Chuma cha anthu onse chikhalitsa pamene aliyense wochigwiritsa ntchito achisamala ngati chake.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.