Kukonza Mayendedwe Okhalitsa pa Nkaya: Zimene Mzika Ziyenera Kudziwa

Nkaya, m'boma la Balaka kufupi ndi malire a boma la Machinga, ndi malo aang'ono koma ndi mphambano yaikulu ya njanji za dziko lino. Njanji yochokera ku Limbe ndi Blantyre imadutsa pamenepa polowera ku Balaka, Salima, Lilongwe ndi Mchinji. M'chaka cha 1970 kunatsegulidwa njanji ina yoyambira pa Nkaya, kudzera pa Liwonde, kukafika ku Nayuchi m'malire ndi Mozambique, kumene imapitirira mpaka kudoko la Nacala. Pambuyo pake kampani ya Vale inamanga njanji yochokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa, imene imadutsa ku Mwanza ndi Neno n'kulumikizana ndi zinzake pa Nkaya pomwepo. Panjanji imeneyi pamayenda malasha ochokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete.

Choncho katundu wa maulendo ataliatali ali kale ndi njira yake. Funso lotsala ndi lakuti: nanga mlimi wopita kumsika, mwana wasukulu ndi mayi wothamangira kuchipatala ayenda motani? Mayendedwe okhalitsa ndi amene amayankha funso limeneli popanda kuika miyoyo pachiswe ndiponso popanda kuwononga chuma chimene tinachipeza m'derali.

Chuma chimenecho si chochepa. Kum'mawa kwa Nkaya kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo bungwe la African Parks lakhala likuiyang'anira mogwirizana ndi Boma kuyambira 2015. Kufupi ndi Nkaya kulinso mishoni ya Utale, imodzi mwa mishoni zakale za Akatolika m'dziko muno, pamodzi ndi manda ndi malo ena amene eni mudzi amawalemekeza.

Mfundo yoyamba ndi chitetezo podutsa njanji. Sitima ya malasha imakoka mabogi oposa 100, ndipo ikalemedwa siingaime pomwepo ngakhale woyendetsa ataona munthu kapena ng'ombe kutsogolo. N'chifukwa chake malo owolokera ayenera kuikidwa pamene anthu amadutsadi, monga njira za kusukulu, kumjigo, kuchigayo ndi kumsika, ndipo akhale ndi zikwangwani zooneka bwino. Malo owolokera akakhala kutali, anthu amatsegula njira zachidule, ndipo m'njira zoterozo ndimo mumachitika ngozi.

Mfundo yachiwiri ndi kuika patsogolo oyenda pansi, apanjinga ndi akabaza, popeza maulendo ambiri a m'midzi ndi afupiafupi. Msewu wafumbi wokhala ndi ngalande zabwino, makalavati ndi timilatho tolimba umathandiza anthu ambiri pamtengo wotsika. Popanda ngalande, mvula imakokolola msewu, dothi lake n'kuthera m'mitsinje ngati Rivirivi kenako mu Shire, mtsinje umene umayendetsa makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Motero msewu wosasamalidwa wa m'mudzi umapweteka ngakhale anthu okhala kutali.

Mfundo yachitatu ndi kugwiritsa ntchito njanji mokwanira. Katundu wolemera akayenda pasitima, malole amachepa m'misewu, misewu imakhalitsa, ndipo utsi ndi fumbi zimachepa kufupi ndi nkhalango. Siteshoni yofikirika mosavuta imathandizanso alimi a thonje ndi nandolo kukafika kumisika, komanso alendo opita ku Liwonde. Koma msewu uliwonse watsopano uyenera kuganiziridwa mofatsa, pakuti njira imene imafewetsa ulendo wa mlimi ikhozanso kufewetsa ulendo wa wootcha makala ndi wopha nyama mozemba.

Malamulo a dziko lino anaikapo kale mpanda. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa kuti zidziwike mmene zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale limafunanso kuti wopeza zinthu zamakedzana pokumba adziwitse Boma. Mapale akale, ng'anjo zosungunulira chitsulo kapena mafupa zikapezeka, ntchito iyambe yaima, ndipo mfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa zidziwitsidwe.

Pomaliza, ndondomeko yabwino imayambira kwa eni dera. Makomiti a VDC ndi ADC ndiwo amatengera maganizo a anthu kukhonsolo ya boma, kumene amalowa m'mapulani a chitukuko. Mafumu, amayi, achinyamata, aulumali ndi akabaza akupemphedwa kupezeka pamisonkhano imeneyi ndi kutchula malo oopsa, milatho yoduka ndi malo oyenera kutetezedwa. Anthu onse akukumbutsidwanso kuti kumasula zitsulo za njanji, kulima kapena kumanga m'mphepete mwake ndi mlandu. Mutu umodzi susenza denga: njanji, nkhalango ndi midzi ya Nkaya zidzapindulitsa ana athu ngati tizisamalira pamodzi lero.